Makanema Akale Oyenera Kuonera Pamodzi ndi Ana Athu

Pa banja lililonse limafika tsiku lakuti mwana amange katundu wake ndi kupita ku sekondale yogonera komweko, ku koleji, kapena ku ntchito ya kutali. Kumeneko kulibe mai womdzutsa m'mawa wa Sabata, kulibe bambo womfunsa kumene waswera, kulibenso mkulu wa mpingo womdziwa dzina. Anzake akadzamuuza kuti aonere mayeso, kapena wina akadzamlonjeza ntchito pofuna chiphuphu, mwanayo adzayankha yekha. Ndipo funso limene limatisowetsa tulo ife makolo ndi ili: kodi mwana wathu adzatha kukana pamene onse avomera?

Maziko a kulimba mtima kotere ndiwo Mau a Mulungu, amene amatiuza za Yosefe m'nyumba ya Potifara ndi za Danieli ku Babulo. Koma tikudziwanso kuti achinyamata athu amathera nthawi yaikulu akuonera makanema, ena pa wailesi ya kanema, ena pa lamya za m'manja, ndipo kuwaletsa kokha sikupindula kanthu. Nzeru ndiyo kusankha zabwino ndi kukhala nawo pansi poonera. Tasankha makanema 5 amene anapangidwa pakati pa 1951 ndi 1981. Onse ali m'Chingerezi, ndipo nkhani zake zimayenda pang'onopang'ono, koma aliyense wa iwo akutisonyeza munthu amene anachita chokoma pamene kuterokunali ndi mtengo wowawa.

Woyamba ndiye Chariots of Fire wa 1981, wosimba za Eric Liddell, mnyamata wa ku Scotland amene anabadwira ku China mu 1902, makolo ake ali amishoni. Liddell anali katswiri wa liwiro la mamita 100, koma pa masewera a Olimpiki a ku Paris mu 1924 mpikisano woyamba wa mtunda umenewu unaikidwa pa Sabata, ndipo iye anakana kuthamanga. Ambiri anamnena kuti wagwiritsa mwala dziko lake. M'malo mwake anathamanga mamita 400, napambana mendulo ya golide. Chaka chotsatira anabwerera ku China kukatumikira Ambuye, ndipo anamwalira mu Febuluwale 1945 mu msasa wa akaidi wa Ajapani ku Weihsien.

Pali chinthu chimodzi chimene opanga kanemayu anasintha. Iwo akuonetsa ngati Liddell anamva za mpikisano wa pa Sabata ali kukwera sitima ya pamadzi yopita ku France. Zoona zake nzakuti anadziwa miyezi ingapo masewerawo asanayambe, anatsimikiza mtima pomwepo, nayamba kukonzekera mtunda winawo. Apa mbiri yeniyeni ikuphunzitsa koposa kanemayo. Mnyamata amene ayembekeza kuti yesero limpeze ndipo kenaka aganize chochita amakhala atachedwa kale.

Wachiwiri ndiye 12 Angry Men wa 1957, wopanda mitundu, amene pafupifupi yense akuchitikira m'chipinda chimodzi. Ku Amerika milandu ikuluikulu imagamulidwa ndi anthu wamba 12, ndipo m'kanemayu anthu otere atsekeredwa kuti agamule za mnyamata wa zaka 18 woganiziridwa kuti anapha atate wake ndi mpeni. Onse akavomerezana kuti ndi wolakwa, mnyamatayo aphedwa. Poyamba amuna 11 akuti ndi wolakwa, ndipo mmodzi yekha, amene mbali yake anasewera ndi Henry Fonda, akupempha kuti ayambe akambirana. Iye sakunena kuti mnyamatayo sanaphe. Akungoti moyo wa munthu sungatayidwe m'mphindi zochepa. Pamene akusanthula umboni, zobisika za m'mitima zikuonekera: wina akufulumira chifukwa ali ndi tikiti ya ku masewera, wina amanyoza anthu a m'makomboni, wina ali ndi mangawa ndi mwana wake wa iye mwini. Wachinyamata amene adzakhala m'komiti ya sukulu, kapena m'bwalo la mpingo m'tsogolo, aphunzire pano kufunsa mofatsa, popanda chipongwe, ndi kusaweruza munthu poyang'ana kumene achokera.

Wachitatu ndiye The Hiding Place wa 1975, nkhani yoona ya banja la ten Boom, okonza mawotchi a mumzinda wa Haarlem ku Netherlands, amene anali Akhristu a mpingo wa Dutch Reformed. Ajeremani atalanda dziko lawo mu 1940 nayamba kugwira Ayuda, nkhalamba Casper ten Boom ndi ana ake aakazi, Betsie ndi Corrie, anatsegula khomo lawo. M'chipinda chogona cha Corrie anamanga khoma lonamizira, ndipo kuseri kwake kunali kampata kobisalamo anthu. Pa 28 Febuluwale 1944 wina atawapereka, banjalo linagwidwa, koma anthu 6 amene anali kuseri kwa khomalo sanapezedwe. Casper, wa zaka 84, anamwalira patangopita masiku ochepa atagwidwa. Betsie anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ku msasa wa Ravensbrück, ndipo Corrie anamasulidwa, nakhala zaka zambiri akulalika za chikhululukiro, namwalira mu 1983. Kanemayu sabisa kuti Corrie analimbana ndi udani mumtima mwake. Ana athu aakazi makamaka aone kuti kulimba mtima sikuli kwa anyamata amphamvu okha, pakuti awa anali amai a zaka zopitirira 50, opanda chida chilichonse m'manja.

Wachinayi ndiye Cry, the Beloved Country, wochokera m'buku la Alan Paton la 1948. Anapangidwa koyamba mu 1951, ndipo anapangidwanso mu 1995. Mbusa wosauka wa Chizulu, Stephen Kumalo, achoka kumudzi kwao kupita ku Johannesburg kukafuna mlongo wake ndi mwana wake Absalom, amene analeka kulemba makalata. Apeza kuti mwanayo, pofuna kuba m'nyumba, anawombera Mzungu wina amene anali kumenyera ufulu wa anthu akuda, ndiponso kuti atate wa wophedwayo ndi mlimi wokhala pafupi ndi mudzi wa mbusayo. Absalom avomera mlandu wake pamene anzake akana, ndipo iye yekha ndiye aweruzidwa kuti anyongedwe. Malo opweteka mtima koposa ndi pamene abambo awiriwo akomana, ndipo mbusayo adziulula yekha kuti ndiye atate wa wakupha uja. Nkhani imeneyi siili kutali ndi ife. Agogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ena anatchona osabweranso, ndipo kufikira lero achinyamata athu akupitabe komweko kukafuna maganyu. Banja limene lili ndi mwana woganiza za ulendo wotere lipeza zambiri zokambirana.

Wachisanu ndiye A Man for All Seasons wa 1966, wonena za Thomas More, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII ya ku England. Mfumuyo itafuna kusiya mkazi wake ndi kudziika kukhala mutu wa mpingo m'dzikomo, More anatula pansi udindo mu 1532, ndipo pambuyo pake anakana kulumbira zimene mtima wake sunavomereze. Anatsekeredwa m'ndende ya Tower of London, nadulidwa mutu pa 6 Julaye 1535. Achinyamata apenyetsetse munthu wina m'kanemamu, Richard Rich, mnyamata wophunzira amene More akumlangiza kuti akhale mphunzitsi. Iye akukana pofuna ulemerero, ndipo potsiriza akuchitira More umboni wonama kuti apatsidwe udindo. Rich sanagwe tsiku limodzi. Anayamba ndi kugulitsa timau tating'ono, ndipo chikumbumtima chake chinatha pang'onopang'ono monga nsichi yodyedwa ndi chiswe.

Pa kanema ameneyu tiyenera kuwauza ana athu zimene iye sananene. More anali Mkatolika wodana kwambiri ndi chiphunzitso cha okonzanso mpingo. Analemba mabuku otsutsa William Tyndale, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi, ndipo pa nthawi ya udindo wake anthu angapo anatenthedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Munthu amene anafera chikumbumtima chake sanalole ena kutsata chawo. Sitinena izi kuti tichepetse kulimba mtima kwake, koma kuti ana athu aphunzire kuyesa zonse zimene aona. Kanema ndi ntchito ya anthu, amene amasankha choonetsa ndi chobisa.

Nanga tionere motani? Choyamba, kholo lionere lokha kanemayo lisanaitane ana, pakuti zina, monga nkhanza za ku Ravensbrück, siziyenera ana aang'ono. Chachiwiri, tisankhe madzulo amodzi pamene ntchito zatha, lamya zonse ziikidwe pambali, ndipo amene amamva bwino Chingerezi amasulire agogo ndi ena. Mwana wa ku koleji amakondwa akaona kuti maphunziro ake athandiza banja. Kumene kulibe magetsi, gulu la achinyamata lingapemphe abusa ndi akulu a mpingo kuti lionere pamodzi pa sukulu kapena pa nyumba ya Mkhristu wina. Chachitatu, kanema akatha tisafulumire kulalikira. Tifunse: ukanakhala iwe ukanatani? Kodi Liddell anachita bwino, kapena anapitirira muyeso? Kodi a ten Boom analakwa posamvera olamulira? Mwana akayankha zosiyana ndi maganizo athu tisamdule pakamwa, koma titsegule naye Buku Lopatulika ndi kufunafuna pamodzi. Amene sanaloledwe kutsutsa mwaulemu pakhomo pa makolo ake sadzatha kutsutsa choipa pakati pa alendo.

Tizindikirenso kuti mwa anthu onsewa si onse amene analandira mphotho pansi pano. Liddell anapata mendulo, koma Betsie anafera mu msasa, More anadulidwa mutu, ndipo Kumalo anataya mwana wake. Tisawanyenge ana athu kuti wochita chilungamo zimamuyendera bwino nthawi zonse. Tiwauze kuti kukhulupirika kuli ndi mtengo, ndipo kuti Ambuye amene anayamba kulipira mtengo woposa sasiya ake ali okha. Kuongola mtengo mpoyamba. Tchuthi chikudzachi, ana asanamangenso katundu wao, tiyeni tipatule madzulo amodzi tikhale nawo pansi.