Girisi wa M'bondo: Zimene Ndinapeza Pofufuza Jakisoni wa Amayi

Masiku ano amayi anga sadzuka pamphasa kamodzin'kamodzi. Amayamba agwada, kenako agwira khoma, ndiyeno n'kumaongoka pang'onopang'ono uku bondo lakumanja likulira ngati ngolo yosowa girisi. Bondo limeneli laona ntchito. Kuno ku Chulu, kwa zaka zoposa 40, lakhala likutsika ndi kukwera kudambo ndi makheni othirira nazale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Lagwada m'mizere powokera, lapindika masiku osawerengeka m'chigafa posoka ndi posankha fodya. Mabelo onse amene anapita ku Chinkhoma kukatipezera fizi anayamba adutsa pa bondo limeneli.

Amayi amangoti ndi nyamakazi. Anayesa panado, anayesa bufeni mpaka m'mimba munayamba kuwotcha, ndipo pabondopo pali timizere ta mphini zakale. Tsiku lina achimwene, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anamva kuti kuli jakisoni wothira girisi m'bondo, ndipo anapeza mayina anayi pa intaneti: Synvisc, Hyalgan, Euflexxa ndi Durolane. "Iwe ndiye wowerenga," anatero. "Fufuza wabwino ndi uti, ine ndigule nditumize pa basi."

Safunsa anadya phula. Ndinakhala milungu ingapo ndikuwerenga ndi kufunsa, ndipo zimene ndinapeza ndikufuna zifike kwa aliyense amene ali ndi kholo lodzuka mogwira khoma.

Girisi ameneyu n'chiyani?

Mukamadya chiboda cha mbuzi mumaona kuti kumapeto kwa fupa kuli kachinthu koyera, kosalala, kokukutika. Chimenechi ndi chicherewecherewe, ndipo chimateteza mafupa kuti asakhulane. M'bondo mulinso timadzi tonanda ngati therere, tothandiza kuti mafupa aziterera. Chimene chimapangitsa timadziti kunanda ndi chinthu chotchedwa hyaluronic acid. Munthu akadwala nyamakazi yakutha kwa mfundo, imene madokotala amati osteoarthritis, chicherewecherewe chija chimaperepeseka ndipo timadzi tija timasungunuka. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu okwana 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo bondo ndi limene limagwidwa kwambiri.

Hyaluronic acid anamutulukira mu 1934 akatswiri awiri, Karl Meyer ndi John Palmer, pa yunivesite ya Columbia ku New York, atamupeza m'diso la ng'ombe. Pambuyo pake Endre Balazs, katswiri wochokera ku Hungary, anapeza njira yomuyenga kuchokera ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala. Oyamba kubayidwa anali akavalo a mpikisano. Anthu anatsatira: ku Japan ndi ku Italy m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku America boma linaloleza Hyalgan ndi Synvisc mu 1997.

Maganizo ake ndi omveka kwa mlimi aliyense: gudumu likamalira, thira girisi. Koma bondo si gudumu la ngolo. Ndi chinthu chamoyo, ndipo thupi limamwa mankhwalawo n'kuwachotsa pakangopita masiku kapena milungu yochepa. Sameretsanso chicherewecherewe chimene chinatha kale. Chimene opanga ake amalonjeza ndi kuchepa kwa ululu kwa miyezi ingapo, nthawi zambiri mpaka isanu ndi umodzi.

Kusiyana kwa mabokosi

Mayina anayi aja amasiyana m'njira zitatu. Choyamba ndi gwero. Hyalgan ndi Synvisc amachokera kwa tambala, pamene Euflexxa ndi Durolane amapangidwa ndi mabakiteriya oweteredwa m'mafakitale. Izi n'zofunika kwa munthu amene thupi lake limadana ndi mazira kapena nthenga za nkhuku. Chachiwiri ndi kulimba. Ena ndi amadzimadzi, ena ngati Synvisc ndi Durolane anawalukanitsa kuti akhale ngati phala lolimba, akhalitse m'bondo. Chachitatu ndi maulendo. Hyalgan amabayidwa mpaka kasanu, kamodzi pa mlungu. Synvisc ndi Euflexxa katatu. Durolane ndi mtundu wina wa Synvisc wotchedwa Synvisc-One kamodzi kokha. Kwa munthu wa ku Chulu, amene ulendo uliwonse wakuchipatala chachikulu umafuna njinga yamoto, kenako minibasi, kenako chakudya cha panjira, kamodzi ndi kasanu si zofanana.

Nanga wochotsa ululu kwambiri ndi uti? Apa ndi pamene ndinayembekezera kupeza wopambana, koma sindinamupeze. Ku Switzerland, mu kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2007, madokotala anagawa odwala 660 m'magulu atatu: ena anabayidwa mankhwala a mtundu wa Synvisc, ena mitundu ina iwiri ya hyaluronic acid. Patapita miyezi isanu ndi umodzi ululu unatsika mofanana m'magulu onse atatu. Mankhwala olimba aja anali okwera mtengo, ndipo ndi amene anaoneka kuti amatupitsa bondo kawirikawiri. Kafukufuku wina wa mu 2006, wa odwala 321, anayerekeza Euflexxa ndi Synvisc, ndipo anapezanso zofananazo: pa ululu analingana, koma mabondo odzaza madzi anachuluka mwa obayidwa Synvisc.

Choncho bokosi lokongola kapena mtengo wokwera sizitanthauza mphamvu yoposa. Koma funso la achimwene linabala funso lina lalikulu limene sitinaliganizire.

Poyerekeza ndi madzi amchere

Pofuna kudziwa ngati mankhwala akugwiradi ntchito, akatswiri amabaya odwala ena mankhwala enieni, ena madzi amchere chabe, popanda wodwala kudziwa chimene walandira. Chodabwitsa n'chakuti ambiri obayidwa madzi amchere m'bondo amamvanso bwino. Chiyembekezo chili ndi mphamvu yake, madzi otupitsa bondo nthawi zambiri amapopedwa asanabaye, ndiponso nyamakazi imeneyi imabwera ndi kupita yokha ngati mphepo ya mwera.

Mu 2022 magazini ya madokotala ya BMJ inafalitsa ntchito yaikulu imene inasonkhanitsa akafukufuku 169 okhudza anthu oposa 21,000. Atasankha akafukufuku akuluakulu 24, anapeza kuti pa muyeso wa ululu woyambira 0 kufika 100, hyaluronic acid anaposa madzi amchere ndi 2 yokha. Kusiyana kumeneku n'kochepa moti wodwala sangakumve m'thupi mwake. Anapezanso kuti mavuto aakulu a thanzi, monga ofuna kugonekedwa m'chipatala, anagwera anthu pafupifupi 37 mwa 1,000 obayidwa mankhwalawa, poyerekeza ndi 25 mwa 1,000 obayidwa madzi amchere.

Poona umboni wofanana ndi umenewu, bungwe la NICE, lolangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2022 kuti odwala asamapatsidwe jakisoniyu. Bungwe la madokotala a mafupa ku America, la AAOS, linanena mu 2021 kuti asamaperekedwe mwachizolowezi. Si onse amene anatseka chitseko. Bungwe la OARSI, lofufuza za matendawa, mu 2019 linati angathe kuyesedwa pabondo kwa odwala ena. Alipo anthu amene amanenetsa kuti anathandizidwa, ndipo ine sindikuwatsutsa. Koma ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, ndipo kuiika pa chinthu chimene chimangoposa madzi amchere pang'ono chotere n'kofunika kuyamba waganiza kawiri.

Ngozi yagona pa singano

Chimene chinandiopsa kwambiri si dzina la pabokosi ayi, koma mawu aja akuti "nditumize pa basi." Mankhwalawa ali ndi malire a kutentha olembedwa pabokosi, ndipo katundu wochokera ku Joni amagona masiku m'mimba mwa basi yotentha. Mankhwala ogula pa intaneti angakhalenso achinyengo. Kuno kwathu ntchito yovomereza mankhwala ili m'manja mwa bungwe la PMRA, ndipo chinthu cholowa m'chikwama cha zovala sichidutsa m'maso mwawo.

Ndiyeno abaye ndani? Tonse tikuwadziwa anthu am'midzi amene amabaya anzawo jakisoni kuseri kwa nyumba. Jakisoni wa m'bondo si wa pathako. Singano imayenera kulowa mkati mwenimweni mwa mfundo, malo amene thupi limavutika kulimbana ndi tizilombo. Kachilombo kakalowa ndi singano, bondo limachita mafinya mkati, ndipo m'masiku ochepa lingathe kuwonongeka mpaka kalekale, ngakhale kutenga moyo. Aliyense wobayidwa m'bondo, akaona kuti latupa, latentha, likuwawa kwambiri kapena thupi latentha, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi zina kumakhala kungokwiya kwa bondo ndi mankhwalawo, koma wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala yekha.

Komanso si bondo lililonse lotupa limene lili ndi nyamakazi yakutha kwa mfundo. Pali gout, pali nyamakazi yogwira mfundo zambiri imene amati rheumatoid arthritis, ndipo m'dziko ngati lathu pali TB ya m'mafupa. Ife timangozitcha zonse nyamakazi, koma chilichonse chili ndi mankhwala ake. Kuthira girisi m'bondo la TB n'kupatsa matenda nthawi yoti akule.

Jakisoni winayo

Pali jakisoni wina wa m'bondo, wa steroid, amene ndi wotsika mtengo. Si girisi, ntchito yake ndi kuzimitsa kutupa, ndipo amathandizadi kwa milungu ingapo bondo likavuta kwambiri. Koma nayenso ali ndi malire. Ku Boston, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, odwala 140 anabayidwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri, ena steroid, ena madzi amchere. Ululu sunasiyane, koma a steroid anataya chicherewecherewe chochuluka. Kwa odwala matenda a shuga, jakisoniyu amakwezanso shuga kwa masiku angapo.

Chimene chinandipatsa mtima ndi kafukufuku wa mu 2020 wa odwala 156 ku America. Theka anabayidwa steroid, theka anaphunzitsidwa mafizo. Patatha chaka, a mafizo ndi amene ankamva bwino ndi kuyenda bwino kuposa anzawo. Minofu ya pantchafu ikalimba imanyamula katundu amene bondo linkasenza lokha. Kwa onenepa, kilogalamu imodzi yochoka m'thupi imapeputsa bondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse.

Zimene tinachita

Ndinawaimbira achimwene n'kuwauza kuti asagule. Poyamba anakhumudwa, ndipo ndinawamvetsa. Munthu ali kutali amafuna kutumiza chinthu chogwirika, chooneka kuti mwana wakumbukira mayi ake. Tinagwirizana kuti ndalamayo igwire ntchito ina.

Gawo loyamba linali thiransipoti yopita ku Kasungu, kuchipatala cha boma, kuti bondo lionedwe ndi wodziwa. Malawi ali ndi mwayi umene ambiri sitiudziwa: kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer, ndipo ndi amene amasamalira odwala mafupa ambiri m'zipatala za m'maboma. Kwa amene bondo latheratu, opaleshoni yoika bondo lochita kupanga imachitika m'dziko momwe muno. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chinadziwika ndi ntchito imeneyi, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central Hospital.

Amayi anawapeza ndi nyamakazi yakutha kwa mfundo, yosafika pofuna opaleshoni. Anawalembera mankhwala opaka pabondo m'malo mwa bufeni wakumwa uja, n'kuwaonetsa mafizo: kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba pang'ono, kuutsitsa, m'mawa ndi madzulo. Anawauzanso kuti ndodo azigwira kudzanja lamanzere popeza lovuta ndi bondo lamanja. Poyamba ndodoyo anaikana. "Mwanawe, ukufuna anthu aziti ndakalamba?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, anthu aziti mukuyenda."

Ndalama yotsala tinalemba waganyu wothirira nazale, ndipo kalipentala wa pa Chulu anatikhomera tebulo ndi mpando zoika m'chigafa, kuti posankha fodya asamakhalenso pansi atapinda miyendo tsiku lonse.

Bondo lija silinasiye kulira, ndipo m'mawa wa mu Juni limaumabe. Tsiku lina dokotala angadzanene kuti tiyese jakisoni, ndipo sindidzakana osamva. Koma ndidzafunsa kuti ndi wa mtundu wanji, wachokera kuti, abaya ndani, athandiza kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo bondo likatupa usiku tithamangire kuti. Pakali pano, Lamulungu lililonse amayi amatsogola ndi ndodo yawo kudzanja lamanzere, ndipo amafika kutchalitchi belu lachiwiri lisanalire.