Poizoni M'botolo la Fanta

Amayi, tayang'anani kuseri kwa chitseko. Kodi m'botolo la Fanta lija muli chiyani? Ambirife timasungiramo parafini, Jik kapena mankhwala opopera mbewu. Mwana wokwawa sadziwa kusiyanitsa; iye amangodziwa kuti za m'botolo n'zotsekemera.

Zoterezi zisungidwe m'zotengera zake zomwe, zotsekedwa bwino, pamwamba pamene mwana sangafikire. Tameki wophera makoswe asayandikire ufa kapena mbale.

Mwana akamwa parafini musamusanzitse, pakuti pobwerera parafiniyo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Musataye nthawi ndi mkaka kapena mafuta ophikira. Thamangirani naye kuchipatala, botololo lili m'manja, kuti adokotala aone chimene wamwa.

Uzaninso anansi anu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.