Kodi Mumadziwa? Zoopsa Zimene Tinazizolowera

Kodi mumadziwa kuti mbaula imatha kupha munthu ngakhale isakufuka utsi? Utsi timauopa chifukwa umaoneka, umatsokomoletsa ndipo umatulutsa misozi. Koma makala akayaka mpaka kufiira psuu, amapitiriza kutulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndiponso suyabwa pakhosi. Ukalowa m'mapapo, umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, moti mtima umangopopa magazi osanyamula mpweya wokwanira. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo. Tuloto ndiye toopsa, chifukwa amene akanadzuka n'kutsegula chitseko ndi amene akuwodzerayo. Mu June ndi July, chiperoni chikamawomba ku Mulanje ndi ku Thyolo, kapena chisanu chikamanga msasa ku Dedza, mabanja amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka mawindo, n'kutsekanso ndi chiguduli kampata ka pansi pa chitseko. Alonda amachita chimodzimodzi m'tinyumba ta pageti. Musagone ndi mbaula m'nyumba, ngakhale makala aoneke ngati akuzima. Ndipo anthu a nyumba imodzi akamva mutu onse nthawi imodzi, asayambe n'kukayikira ndiwo za dzulo. Atuluke panja msanga, kenako athamangire kuchipatala. Jenereta yolizira m'chipinda kapena m'khonde lotsekeka imatulutsa mpweya womwewu.

Nanga utsi wooneka uja? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unachititsa imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osafika zaka 5. Tayang'anani mwaye umene wadetsa denga la khitchini ya mafuwa. Mayi wophika mmenemo akupuma zomwezo, pamodzi ndi mwana amene wamubereka kumbuyo. Nkhuni zouma, zenera lachiwiri, kapena kuphikira pamalo podutsa mphepo zimachepetsa utsi wolowa m'chifuwa. Zokolezera moto ndi majumbo tizisiye.

Kodi mumadziwa kuti kukazinga mtedza wachuku sikuthetsa poizoni wake? Chuku china chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amapirira moto. Mukazinge, muwiritse, muphike phala, wambiri amatsalabe. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004, kum'mawa kwa Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira chifukwa cha chimanga chimene chinasungidwa chisanaume. Zoterozo zimamveka pawailesi. Zimene sizimveka ndi za munthu amene amadya poizoniyu pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mpaka chiwindi kugwidwa khansa. Kwa amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, chiopsezocho chimachuluka kwambiri.

Chimene chimandiwawa mtima pankhaniyi ndi kasankhidwe kathu. Mtedza wonenepa, wosalala, umapita kwa vendala. Wofota, wosweka ndi wakuda uja ndi umene umatsala pakhomo, n'kusinjidwa, n'kukhala nsinjiro za m'phala la mwana. Ndiye kuti mbali yokayikitsa kwambiri ya zokolola ikudyedwa ndi munthu wamng'ono kwambiri m'banja. Palinso chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Zala zimapuma ndithu, koma chinyezi chimenecho ndi chimene chuku chimafuna. Kupatsa ziweto chimanga chowola sikutaya vuto ayi, pakuti ng'ombe ikadya, poizoni wina amatulukira mumkaka. Yanikani pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Matumba asanjikeni pamitengo, asagunde pansi kapena khoma. Njere zowonongeka musazimvere chisoni.

Chinangwa chowawa nachonso chili ndi zake. Kuwawako kumachokera ku mankhwala achilengedwe amene amasanduka cyanide. Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota akamaviika chinangwa masiku angapo asanapange ufa wa kondowole, amakhala akuchotsa poizoni ameneyu. Njala ikavuta, anthu amafupikitsa masiku oviika. Izi zinachitika m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, nthawi ya chilala, ndipo anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo ndi matenda a konzo, amene alibe mankhwala obwezeretsa miyendo mwakale. Sendani, viikani masiku osachepera 3 mpaka chifewe, yanikani chiume gwa.

Kodi mumadziwa kuti BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi? Timakonda kunena kuti "ine BP yanga ikakwera ndimaimva", koma anthu ambiri amene magazi awo akuthamanga mopitirira muyeso samva mutu, samva chizungulire, amalima ndi kupalasa njinga bwinobwino. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse a iwowa sankadziwa. Si matenda a mabwana a m'tauni okha, kapena a anthu onenepa okha. Mlimi wochepa thupi wa kumudzi amakhala nawonso. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa. Manambala akamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, pamafunika thandizo la dokotala. Ndipo amene anayamba mankhwala asawasiye poti akupeza bwino, chifukwa kupeza bwinoko n'kumene mankhwalawo akugwirira ntchito.

Mchere umene WHO imalangiza munthu wamkulu ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse: wa m'ndiwo, wa m'buledi, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, ndi uja timathira m'mbale tisanalawe n'komwe. Lilime limazolowera mchere wochepa pakangopita milungu ingapo.

Nkhope ikapotokera mbali imodzi mwadzidzidzi, dzanja likafooka, mawu akayamba kulemera, imeneyo ingakhale sitiroko. Si nthawi yosisita wodwala kapena yofufuza amene wamuchita chipongwe. Ndi nthawi yofuna galimoto.

Kodi mumadziwa kuti chingwe wamba chingakuuzeni zimene sikelo singakuuzeni? Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza m'mimba chapamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a m'mimba achuluka, ndipo amenewa ndi amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi a mtima. Gwiraninso mtsempha wa padzanja m'mawa musanadzuke. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pamphindi. Ine ndimaona kuti phindu la timiyeso totereti lagona pa kudziwa mmene thupi lanu limakhalira muli bwino. Amene amadziwa bowo la lamba limene amamangira ndiye amazindikira msanga kuti akuwonda popanda chifukwa. Mayi wodziwa mmene mabere ake amakhalira ndiye amapeza kachotupa kakadali kakang'ono. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku, chifuwa chopitirira milungu iwiri, thukuta la usiku, bala losapola: zonsezi n'zoyenera kukaonetsa, osati kuzizolowera. Funsaninso akuluakulu a m'banja mwanu matenda amene anavutitsa makolo, chifukwa shuga, BP ndi sickle cell zimatsata mtundu.

Kodi mumadziwa kuti paracetamol, amene timagula pa okala iliyonse, amatha kuwononga chiwindi? Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wochepa thupi ayenera kuchepetsa kuposa apo. Mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, choncho womwa zonse ziwiri amapitirira muyeso osadziwa. Wopitirira muyeso amatha kuoneka bwino tsiku loyamba chiwindi chikuwonongeka. Chinanso chodabwitsa n'chakuti kumwa mankhwala opha ululu pafupifupi tsiku lililonse kumayambitsa mutu wakewake.

Mwana akamwa parafini, musamusanzitse. Posanza, parafini amalowa m'mapapo, ndipo kumeneko ndiye amawononga kwambiri. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Muvuleni zovala zimene zanyowa, n'kuthamanga naye kuchipatala mutatenga botololo. Chiyambi cha ngozi zambiri zotere ndi botolo la zakumwa limene wamkulu anathiramo parafini kapena mankhwala opopera mbewu.

Kodi mumadziwa kuti kumva kukawonongeka ndi phokoso sikubwerera? Timaselo ta mkati mwa khutu timene timalandira mawu tikafa, sitimeranso. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mwayandikana naye akumveni, phokosolo lafika poononga. Ganizirani mnyamata wa pachigayo, kapena wocheka matabwa ndi makina, amene amakhala m'phokoso lotere kuyambira m'mawa mpaka madzulo opanda chotseka m'makutu. Kulira kwa m'khutu pochokera kudansi ndi chenjezo.

Tulo nato si ulesi. Ofufuza a ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, umene ku South Africa ndi m'mayiko ena ambiri ndi malire a woyendetsa galimoto. Dalaivala amene anadzuka 5 koloko m'mawa amafika pamenepo 10 koloko usiku, asanalawe dontho la mowa.

Kodi mumadziwa kuti likodzo silifuna kuti mumwe madzi? Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kuboola khungu labwinobwino la munthu amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwokera mpunga. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anaona nyongolotsi zake ku Cairo mu 1851. Mnyamata kukodza magazi si chizindikiro cha kukula, monga ena amanenera. Ndi mazira a nyongolotsi akuvulaza chikhodzodzo, ndipo zikapitirira zaka zambiri zimafika ku impso. Mbali imene sikambidwa mokwanira ndi ya amayi. Mazirawa amakhazikikanso m'njira yoberekera, n'kuyambitsa kutaya magazi, ululu ndi chikazi chachilendo, zimene zimafanana ndi matenda opatsirana pogonana. Mayi amatha kulandira mankhwala olakwika, n'kunenedwanso zachipongwe kunyumba, pamene gwero lake ndi dambo limene amachapira. Ngati munakulira kunyanja, ku Chilwa, ku Shire kapena pafupi ndi sikimu ya mpunga, muuzeni dokotala zimenezo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu.

Maganizo nawo amadwalitsa thupi. Munthu amayenda zipatala ndi mutu wosatha, kutentha m'mimba, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, akayezedwa malungo osapezeka, pamene chikumudya ndi ngongole, maliro kapena banja losokonekera. Ululuwo ndi weniweni, si wonamizira. Kukhumudwa kukapitirira milungu iwiri, zimene munkakonda n'kusiya kukoma, amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ndi kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Zotsatira zimene zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 zinaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Abambo, apa ndikunena ndi inu makamaka. Mawu oti mwamuna salira atitayitsa anthu ambiri. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala chilichonse chapafupi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa zoterezi.

Kodi mumadziwa kuti galu akakulumani, chithandizo choyamba ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15? Mphindi 15 zenizeni, poyang'ana wotchi, madzi akuyenderera pabala. Chiwewe, chimene galu amatha kupatsira poluma, chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Kachilombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita kuubongo, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, choncho bala limapola, banja n'kuiwala. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi palibe amene amapulumuka. Koma katemera akaperekedwa msanga amateteza, ndipo izi zadziwika kuyambira mu 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9, ku France. Kukanda kwa galu kapena mphaka, ngakhale kunyambita pabala, n'kokwanira kupatsira matendawa. Ana ambiri amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa kuti amaputa galu, ndiye auzeni lero kuti akanena sadzakwapulidwa. Mukatsuka bala, musadikire kuona ngati galuyo adwale kapena ayi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.