Foni ikajambula malipenga ku Chintheche

Ng'oma yaikulu ikangogunda, mafoni amatuluka m'matumba. Pabwalo la malipenga ku Chintheche, achinyamata amakankhana kutsogolo, mikono ili m'mwamba, aliyense akusaka pojambulira bwino. Ovina amalowa pamzere atavala makabudula oyera ositidwa mpaka m'mphepete mwake kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, ndodo ili m'manja. Sathamanga. Mtonga savina ngati wathawa moto. Phazi amalinyamula mwaulemu, kuopa kuti fumbi lingadetse nsapato. Dzuwa likamalowa, kanemayo amakhala atafika kale kwa achibale ku Johannesburg ndi ku Cape Town kudzera pa WhatsApp.

Kanema wotere amakhala wa mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa bandulo ndi yodula. Zomwe amasiya kunja n'zambiri. Woonera sadziwa kuti gulu lovinalo limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, akapitawo ake, ngakhale dokotala woyendera ovina ngati ali pa perete. Sadziwa kuti guleyu anabadwa potsanzira asilikali a King's African Rifles, anthu atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Lipenga lenilenilo ndi chikho chouma chobooledwa, pabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, kamene kamanjenjemera munthu akamaimbiramo. Pa foni zonsezi zimangomveka ngati phokoso la njuchi.

Phindu la kujambula kosunga mbiri linaonekera kutali ndi kuno, pakati pa England ndi Ireland, pa chilumba cha Isle of Man. Anthu ake ndi pafupifupi 84,000, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu a m'boma la Nkhata Bay. Chinenero chawo, Manx, chinatsala pang'ono kuikidwa m'manda. Mu 1947 mtsogoleri wa Ireland, Éamon de Valera, anacheza pachilumbapo n'kupeza kuti okalamba olankhula Manx atsala owerengeka ndipo mawu awo sanasungidwe mokwanira. Chaka chotsatira bungwe la Irish Folklore Commission linatumiza Kevin Danaher ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mawu. Mmodzi mwa ojambulidwa anali msodzi wa ku Cregneash, Ned Maddrell, amene anamwalira mu December 1974. Iyeyu ndiye anali womaliza mwa anthu oyamwira chinenerocho.

Zimene anajambula Danaher sizinali zachionetsero. Anali madala ndi amayi okalamba akucheza za usodzi, za kumunda, za ubwana wawo. Koma ophunzira Manx lero amatchera khutu ku mawu omwewo kuti amve katchulidwe kake. Mu 2001 kunatsegulidwa sukulu ya pulaimale, Bunscoill Ghaelgagh, yophunzitsa maphunziro onse m'chinenerocho. UNESCO itanena mu 2009 kuti Manx inafa, ana a pasukuluyi anailembera makalata odandaula m'chinenero chomwecho, ndipo bungwelo linabweza mawu ake. Lero bungwe la Culture Vannin limaika pa intaneti makanema a nyimbo, magule, mbiri ndi malo a pachilumbapo, kuphatikizapo mwambo wa Hop-tu-Naa wa pa 31 October.

Kuno ku Chintheche, Chitonga sichili pa mphasa ya imfa ngati mmene inalili Manx ayi. Pamsika wa Kande kapena pa siteji ya Mpamba ndicho chimamveka, ngakhale Chichewa cha kusukulu ndi cha pa wailesi chikulowerera m'kamwa mwa ana. Vuto lili pa amene wagwira kamera ndi chimene akufuna. Lembani dzina la Chintheche kapena Kande pa YouTube: mudzaona mchenga woyera, mahatchi akusambira m'nyanja, alendo akupalasa bwato kupita pa kachilumba ka Kande, dzuwa likutuluka kumbali ya Mozambique. N'zokongola, palibe angatsutse. Mwini mudzi amangooneka patali akukoka chilimira, wopanda dzina, wopanda mawu, pamwamba pake ataikapo nyimbo yachizungu. Ngakhale chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinayambira ku Chintheche Inn mu 2004, chinatchukitsa gombe kuposa anthu a pagombepo.

Chonsecho m'mbali mwa msewu wa M5 mbiri yachita kuunjikana. Ku Bandawe ndi kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 atathawa malungo ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894, ndipo manda a amishoni aja alipobe. Kufupi ndi pomwepo, m'mudzi wa Chifira, munabadwira Clements Kadalie, amene anakayambitsa mgwirizano wa antchito wa ICU ku Cape Town mu 1919. Dera lomweli ndi limene Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi cha m'ma 1908 ndi 1909, atsamunda asanamuthamangitse. Linga la Mankhambira, pamene Atonga anabweza nkhondo ya Angoni, mbiri yake ili m'mitu ya okalamba amene chaka chilichonse akuchepa. Mwana wa ku Chifira angathe kuona kanema wa mpira wa ku England tsiku lomwelo, koma wa Kadalie wofotokozedwa m'Chitonga adzausaka mpaka foni kuzima.

Ojambula anafikako kale kuno. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950 n'kujambula nyimbo za Atonga, malipenga omwe, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Zidzukulu za oimba aja zambiri sizinamvepo mawu a agogo awo. Bungwe la Mdawuku wa aTonga, limene limasonkhanitsa anthu pa mwambo wa chaka ndi chaka, likanatha kuyambira pamenepo: kupempha makope, kupita nawo m'midzi, kuwaseweretsa pansi pa mtengo wa mango, kamera n'kuloza nkhope za omvera pamene wina wazindikira nyimbo ya kwawo.

Ndipo pali zina zimene palibe amaziona ngati zoyenera kujambula. Mayi akuvuula chinangwa chimene chakhala m'madzi masiku angapo, kuchiyanika pathandala, kenako kulimbana ndi mthiko pophika kondowole, amene safuna dzanja laulesi. Gule wa atsikana wa chilimika pa Chaka Chatsopano. Gule wa honala ndi akodiyoni yake. Ku Usisya, kumene msewu wotsika phiri umaopsa ngakhale madalaivala ozolowera ndipo ambiri amadalira sitima ya Ilala ndi maboti, asodzi amatuluka usiku ndi nyali kukakopa usipa, ndipo mphepo iliyonse, mwera kapena mpoto, amaidziwa isanafike pongoyang'ana madzi. Kumeneko netiweki imavuta, moti wojambula amayenera kudikira tsiku la sitima kuti akatumize kanema wake ali ku Nkhata Bay.