Mizere ya Inki Yofiira M'buku la Bambo

M'mabanja ambiri a ku Britain, Canada, Australia ndi maiko ena, nkhaniyi imayamba maliro atatha. Anthu abalalika, nyumba yati zii, ndipo ana a malemu, amene nawonso tsopano ndi aimvi, ayamba kulongosola katundu wa bambo wawo. Pansi pa sutikesi yakale apeza kabuku ka chikuto cholimba. M'kati mwake muli mizeremizere ya masiku, manambala a ndege ndi maina a mizinda ya ku Germany: Essen, Hamburg, Berlin. Mizere ina inalembedwa ndi inki yakuda, ina ndi yofiira. Pambali pa kabukuko pali chithunzi cha anyamata asanu ndi awiri ataimirira kunsi kwa chindege chachikulu, onse akumwetulira. Mmodzi yekha ndiye akudziwika. Enawo ndi ayani? Nanga nkhalamba ija inatha bwanji kudya patebulo limodzi ndi ana ake kwa zaka 50 osatchulapo dzina la mnzake ngakhale mmodzi?

Inki yofiira ija ndi ya maulendo a usiku. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, nthambi ya asilikali a ndege a Britain yotchedwa Bomber Command inali ndi amuna pafupifupi 125,000 amene ankauluka kukaponya mabomba. Mwa amenewa, 55,573 anafa, 8,403 anavulala, ndipo 9,838 anagwidwa nakhala akaidi a nkhondo. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse, 44 sanabwererenso kwawo. Ambiri anali achichepere, a zaka 20 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ntchito ya m'mlengalengayi anachita kuipempha okha. Munthu ankayenera kukwanitsa maulendo 30 asanapumitsidwe. Kuti chiwerengero chimenechi chinali chachitali motani, usiku wa pa 30 Malichi 1944 ndiwo mboni: ndege 795 zinanyamuka kupita ku Nuremberg, ndipo 95 sizinabwerere.

M'ndege ya mtundu wa Lancaster munkakhala anthu asanu ndi awiri: woyendetsa, injiniya woyang'anira mainjini anayi, wolondola njira, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi owomba mfuti awiri, wina pamsana pa ndege, wina kumchira. Wa kumchirayu ankakhala yekhayekha m'kachipinda kothina kwa maola asanu ndi awiri kapena kupitirira, m'chisanu choumitsa zala, maso ali tcheru mumdima. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu sankawasankhira anzawo. Ankangowasonkhanitsa m'chinyumba chachikulu chosungiramo ndege ndi kuwauza kuti asankhane okha. Anyamata osadziwana, wina wa ku Scotland, wina wa ku New Zealand, ankayang'anana nkhope napangana kuti afera pamodzi kapena apulumukira pamodzi. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kumwambako kusinza kwa munthu mmodzi kunkaphetsa onse. N'chifukwa chake mwana amene wayamba kufufuza za bambo wake sachedwa kuzindikira kuti akufufuza anthu asanu ndi awiri.

Banja limene lili ndi kabuku kaja ndi lamwayi. Mabuku ambiri otere, makamaka a anthu amene anafa, anakhala m'manja mwa boma kudikira abale. Boma litalengeza kuti eni ake abwere kudzatenga, otsalawo anawonongedwa mu 1960, kupatula ochepa okha amene anasungidwa ngati chitsanzo. Tsono amene alibe kabuku amayamba ndi kupempha chikalata cha ntchito ya bambo wake ku boma la Britain. Chikalatachi chikafika, ambiri amagwa mphwayi, pakuti chimangokhala chodzaza ndi zilembo zachidule ndi masiku osamutsidwira apa ndi apo. Za nkhondo yeniyeni sichinena kanthu. Komabe chimatchula chinthu chimodzi chofunika koposa, ndicho nambala ya gulu la ndege limene munthuyo anatumizidwako.

Ndi nambala imeneyo wofufuza amalunjika ku Kew, kumadzulo kwa London, kumene kuli nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za boma, The National Archives. Gulu lililonse linkasunga buku lake lalikulu, Operations Record Book, ndipo mabuku amenewa ali m'chigawo chotchedwa AIR 27. Ambiri anajambulidwa, kotero kuti munthu angathe kuwawerenga pa intaneti ali kwawo. M'menemo alembi analemba usiku ndi usiku nambala ya ndege, maina a onse okweramo, mphindi imene inanyamuka, mphindi imene inatera, ndi mawu ochepa a zimene anaona. Apa ndi pamene nkhope zisanu ndi imodzi za pachithunzi zija zimapeza maina. Apanso mwana amaona bambo wake, mnyamata wamng'ono kuposa adzukulu ake a lero, akunyamuka dzuwa litangolowa ndi kutera m'bandakucha, kenaka mkuja chimodzimodzi. Pa ndege imene sinabwerere, danga la nthawi yotera lilibe kanthu, ndipo pambali pake pali mawu ouma onena kuti chinyamukire sipanamvekenso mbiri yake. Maina a ambiri a osowawa, oposa 20,000, ali pa chipilala cha ku Runnymede, cha asilikali a ndege amene manda awo sadziwika.

Wofufuza wanzeru sakhulupirira pepala limodzi. Alembi aja ankataipa ali otopa, nalakwitsa maina ndi manambala. Nkhani za pakamwa nazo zimakula pofotokozedwa: maulendo 12 amasanduka 30, ndipo chochitika cha ndege ina chimalowa m'mbiri ya ndege inzake. Kuika pepala pambali pa nthano ya m'banja kumafuna mtima wolimba, chifukwa nthawi zina pepalalo limatsitsa munthu amene ana ankamutama. Panali mawu atatu amene anyamata aja ankawaopa ngati mizinga ya adani, Lack of Moral Fibre, kunena kuti munthuyo ndi wamantha. Amene wathedwa mphamvu nakana kuulukanso ankachotsedwa pagulu msangamsanga, kulandidwa zizindikiro za udindo wake ndi kupatsidwa ntchito yonyozeka, kuti mantha ake asafalikire kwa ena. Madokotala a lero angaone munthu wotere ngati wodwala wofunika chithandizo. Koma nthawi imeneyo chinali chitonzo, ndipo ena anapita nacho kumanda osauzako ngakhale akazi awo.

Awerengi asayese kuti nkhaniyi ndi ya azungu okhaokha, kapena kuti inachitikira kutali kwenikweni ndi kuno. Anyamata zikwizikwi anaphunzirira kuuluka pa mabwalo a pafupi ndi Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo gulu loyamba kulandira ndege za Lancaster linali 44 (Rhodesia) Squadron. Analiponso anthu akuda ochokera ku zilumba za Caribbean ndi kuzambwe kwa Africa. Mmodzi wa iwo anali Johnny Smythe wa ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, wolondola njira m'ndege ya mtundu wa Stirling mu 623 Squadron. Gulu limeneli linakhalapo miyezi inayi yokha, kuyambira Ogasiti mpaka Disembala 1943, motero buku lake ndi lopyapyala. M'menemo muli usiku wa pa 18 Novembala 1943, pamene ndege yake inawomberedwa pa ulendo wa ku Mannheim. Smythe anatsika ndi parachuti ali wovulala, anagwidwa, nakhala miyezi 18 m'ndende ya Stalag Luft I. Nkhondo itatha anali mmodzi wa oyang'anira anthu pa sitima ya Empire Windrush mu 1948, kenaka anaphunzira zamalamulo nakhala loya wamkulu wa boma kwawo. Anamwalira mu 1996. Ana a anthu ngati iyeyu ali ndi pogwira pamene ana a asilikali a King's African Rifles, amene anachoka ku Nyasaland kukamenya nkhondo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, alibe kawirikawiri, pakuti mabuku a asilikali oyenda pansi satchula munthu aliyense ndi dzina tsiku ndi tsiku.

Komatu pali buku lachiwiri limene mwana wofufuza ayenera kulitsekula, afune asafune. Dzina lililonse la inki yofiira ndi mzinda umene munali anthu. Mu 1941 akuluakulu a Britain atapenda zithunzi zojambulidwa m'ndege, anapeza kuti pa ndege zitatu zimene zinkati zaponya mabomba pamalo oyenera, imodzi yokha ndiyo inafika pa mtunda wosapitirira mamailosi 5 kuchokera pamalopo. Kulasa fakitale imodzi mumdima kunali kosatheka. Chotero mu Febuluwale 1942 kunatuluka lamulo loti mabomba aziponyedwa pa madera athunthu a mizinda, kumene antchito a m'mafakitale ankakhala ndi mabanja awo, ndipo mwezi womwewo Arthur Harris anakhala mkulu wa Bomber Command. Kumapeto kwa Julayi 1943 moto wa ku Hamburg unakula mpaka kuutsa chimphepo chake chokha, ndipo anthu oposa 30,000 anafa m'masiku ochepa. Ku Dresden, mu Febuluwale 1945, akatswiri a mbiri yakale amene mzindawo unawatuma kufufuza anapeza mu 2010 kuti ofa anafika pafupifupi 25,000. Mwana akaona tsiku la 27 Julayi 1943 m'kabuku ka bambo wake, ndi dzina la Hamburg pambali pake, amadziwa kuti manja amene anamuphunzitsa kupalasa njinga analiko usiku umenewo.

Apa mpamene ofufuza ambiri amapatukana. Ena amatseka buku lachiwirili mwamsanga, nanena kuti adani ndiwo anayamba. Mawuwa si onama: London ndi Coventry inaotchedwa mu 1940, anthu wamba oposa 40,000 anafa ku Britain m'miyezi imeneyo, ndipo ulamuliro wa Hitler unali kupha Ayuda mamiliyoni. Kwa zaka zingapo ndege zimenezi ndizo zinali njira yaikulu imene Britain inali nayo yomenyera Germany kwawo komweko, ndipo zinakakamiza Ajeremani kusunga mizinga ndi ndege zambiri kwawo m'malo mozitumiza kunkhondo. Ena amachita manyazi nabisanso kabuku kaja m'sutikesi. Onse awiriwa amakhala atawerenga theka. Mnyamata wa zaka 21 sanasankhe mzinda. Anauzidwa madzulo omwewo, nsalu yophimba mapu itachotsedwa pakhoma. Koma mayi wa ku Hamburg amene anatsamwira utsi m'chipinda cha pansi pa nyumba, atakumbatira ana ake, nayenso sanasankhe kanthu.

Kukhala chete kwa abambo aja kumamveka bwino munthu akaona mmene dziko lawo linawalandirira. Polankhula kwa anthu ake za kupambana pa nkhondo mu Meyi 1945, Winston Churchill anathokoza magulu ambiri, koma Bomber Command sanaitchule. Mendulo yawoyawo sanapatsidwe. Amene anataya pafupifupi theka la anzawo anaona kuti ntchito yawo yasanduka nkhani yonong'onezana, ndipo anabwerera ku maofesi, m'masitolo ndi m'minda pakamwa atatseka. Chipilala chowakumbukira ku Green Park mu London chinatsekulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II pa 28 Juni 2012, ndipo kachizindikiro kolumikiza pa mendulo kanaperekedwa mu 2013, ambiri a iwo atamwalira kale. Mu 2018 ku Lincoln, dera limene kunali mabwalo ambiri a ndegezi, kunatsekulidwa International Bomber Command Centre. Pa makoma ake achitsulo pali maina pafupifupi 58,000, olembedwa popanda maudindo. Malowa amasunga makalata, zithunzi ndi mawu ojambulidwa a asilikali aja, pamodzi ndi umboni wa anthu amene mabomba anawagwera.

Nthawi zina buku lachiwirili limalembedwa ndi anthu a pansi omwewo. Cy Grant wa ku British Guiana, dziko limene tsopano ndi Guyana, anali wolondola njira mu 103 Squadron. Mu Juni 1943, pa ulendo wake wachitatu, Lancaster yawo inawomberedwa pochokera ku Gelsenkirchen, nigwera pa mudzi wa Nieuw-Vennep ku Netherlands, dziko la anthu amene iwo ankamenyera kuti awamasule. Grant anapulumuka, nakhala mkaidi mpaka 1945, ndipo pambuyo pake anatchuka ngati woimba pa wailesi ya kanema ya BBC. M'mudzi muja munali mnyamata wa zaka 11 amene sanaiwale usiku umenewo. Atakula anatha zaka zambiri akulondola mbiri ya ndegeyo, kulemba makalata ndi kufunafuna opulumuka mmodzimmodzi, ndipo mu 2008 Grant, ali nkhalamba, anapita kukaonana naye pamalopo. Kufufuza kwa munthu ameneyu ndiko kunasunga mbiri ya zimene zinachitika pansi: chidutswa cha ndege chinagwera nyumba ya pafamu ndi kupha mkazi wa mlimi. Dzina la mayiyo mulibe m'buku la 103 Squadron ku Kew, ndipo pa makoma a ku Lincoln palibenso.