MAKINA OSEFERA KHOFI AFUNA NYUMBA YOKONZEKA

Pakati pa katundu amene anthu a nchito amabwera naye pocokera ku Lusaka, kapena amene abale okhala ku Johannesburg ndi kutsidya la nyanja amatumiza kwao, masiku ano pamapezekanso makina osefera khofi. Ndi kacipangizo kooneka bwino, kokhala ndi jagi yagalasi ndi kanyale kofiira, ndipo kakaikidwa pa kabati mlendo ali yense amakayang'ana kawiri. Koma mphunzitsi wa ku Sinda, namwino wa ku Katete kapena kalaliki wa ku boma la Vubwi amene ali ndi maganizo ogula makina otere, acita bwino kuyamba wayang'ana za m'nyumba mwake asanaturutse ndalama. Makinawa anapangidwira maiko kumene magetsi sazimazima ndi kumene khofi wopera amagulitsidwa pa sitolo iri yonse.

Nzeru yosefa khofi m'pepala inayamba ndi mai wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, dzina lake Melitta Bentz. M'caka ca 1908 maiyu, atatopa ndi masese otsalira pansi pa kapu, anaboola timabowo pansi pa kamphika ka mkuwa, nayalamo pepala loumitsira inki locokera m'buku la sukulu la mwana wake, nathira madzi otentha pamwamba pa khofi. Madzi anadontha ali oyera, masese onse natsala m'pepala. Kampani yochedwa ndi dzina lake ikalipo mpaka lero. Magetsi anabwera pambuyo. Makina oyamba amagetsi a mtundu uwu, ochedwa Wigomat, anaturuka ku Germany komweko mu 1954, ndipo ku America anthu wamba anayamba kuwadziwa mu 1972 pamene Mr. Coffee anafika m'masitolo. Motero kwa zaka 46 anthu anali kumwa khofi wosefa bwino lomwe popanda waya uli wonse.

Cimene makinawo amacita si cozizwitsa ai. Madzi ozizira amatsika kucokera m'kathanki ndi kulowa m'kapaipi kopyapyala kamene kagundana ndi citsulo cotenthetsa. Akatentha, nthunzi imawakankhira m'mwamba pang'onopang'ono, nagwera pa khofi ali m'sefa, nadontha m'jagi. Kunena mwacidule, ndi ketulo ndi sefa zomangidwa pamodzi. Makina abwino ndi amene amatenthetsa madzi kufika pa madigiri 92 mpaka 96 ndi kuwamwaza pa khofi yense mofanana. Makina acabecabe amadonthetsa madzi ofunda pamalo amodzi, ndipo khofi amaturuka wowawasa ndi wopanda fungo. Mabatani ambiri ndi timanyale sizisintha kanthu pa zimenezi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

NKHANI YA MAGETSI

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo imeneyo cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo popeza magawo oposa 80 pa 100 ali onse a magetsi a Zambia anali kucokera ku mphamvu ya madzi, a ZESCO anayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana. Mu March nyumba zinali kukhala maola 8 pa tsiku zopanda magetsi, ndipo pofika September maolawo anali atakwana 17. Amene anali ndi makina a khofi caka cimeneco anaona okha kuti pa nthawi ya cakudya cam'mawa, pamene makinawo afunika, anali cidole cabe. Mvula ikagwa bwino damu limadzaza, koma cilala sicitsazika kuti capitiratu.

M'midzi yambiri ya m'maboma atatuwa waya wa magetsi sunafike n'komwe, ndipo mabanja amadalira sola. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Munthu amaganiza kuti popeza sola yake imayatsa mababu, imaliza wailesi ndi kudzaza mafoni, ingathenso kuphika khofi. Makina osefera khofi amakoka mawati pakati pa 600 ndi 1,200. Makina a mawati 1,000 amafuna mphamvu yofanana ndi mababu 100 a mawati 10 oyaka nthawi imodzi. Sola yaing'ono ya pa denga la mphunzitsi singapirire katundu wotere, ndipo inveta yocepa mphamvu imazima yokha kapena kupsa. Kwa amene ali pa mita ya ZESCO mtengo wake suopsya, pakuti yuniti imodzi ingaphike majagi 6 kapena 7. Bvuto ndi kukoka kwa mphamvu zambiri pa mphindi zocepa.

Palinso za mphatso zocokera kunja. Magetsi a dziko lino ndi a 230V, pamene a ku America ndi Canada ndi a 120V. Makina ogulidwa kumeneko, kapena opezeka pa mulu wa katundu wogwirapo kale nchito pa msika, akalumikizidwa ku soketi ya kuno amapsa nthawi yomweyo, ndipo angathe kuyambitsa moto. Pansi pa makina ali onse pali kacikwangwani. Wogula awatembenuze ndi kuwerenga: ngati palembedwa 220-240V ndi abwino, ngati palembedwa 110V kapena 120V awasiye ngakhale mtengo utatsika motani. Ocokera ku South Africa mphamvu yao ndi yolingana ndi ya kuno, koma kawirikawiri pulagi yao iri ndi mano atatu obulungira, pamene masoketi ambiri a m'nyumba za kuno amafuna mano atatu a ngodya. Kusinthitsa pulagi kwa wodziwa nchito ya magetsi ndi kwanzeru kuposa kukakamiza mawaya ndi kamtengo ka macesi.

Makina ena ali ndi kawochi, kotero kuti munthu angawauze madzulo kuti ayambe okha kuphika m'mawa. Kumene magetsi amazima usiku kawochiko kamaiwala nthawi, ndipo magetsi akabwerera ndi mphamvu ndiko kamayamba kuonongeka. Makina a batani limodzi, loyatsira ndi kuzimitsira, amakhalitsa, ndipo wokonza mawailesi pa msika wa Katete angathe kuwatsegula ndi kuwamvetsa.

KODI KHOFI WAKE ALI KUTI?

Funso iri ndi limene ogula ambiri safunsa. Khofi amene amapezeka m'masitolo ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa Great East ndi wosungunuka, monga Ricoffy ndi Frisco, amene ndi khofi wosakaniza ndi muzu wochedwa chicory. Ameneyu anaphikidwa kale ku fakitale ndi kuumitsidwa. Amangofuna kapu, supuni ndi madzi otentha, ndipo kumuika m'makina ndi kungodzitayira nthawi. Makina amafuna khofi weniweni wokazinga ndi kupera, amene sasungunuka.

Khofi wotere amalimidwa m'dziko lomwe lino. Minda ikuluikulu iri kufupi ndi Kasama, monga wa Kateshi ndi wa Ngoli, imene kampani ya Olam inagula mu 2012, ndipo wina amalimidwa ku mapiri a Munali panjira yopita ku Mazabuka. Wambiri amagulitsidwa kunja kwa dziko. Ku Malawi alimi ang'onoang'ono a ku mapiri a Misuku ndi Phoka amagulitsa wao m'dzina la Mzuzu Coffee. Koma maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ndi dziko la cimanga, nsawawa, thonje ndi mpendadzuwa, ndipo paketi ya khofi wopera kawirikawiri imafuna ulendo wa ku masitolo akuluakulu a ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kucokera ku Katete, kapena wa ku Lusaka.

Muyezo umene akatswiri amabvomereza ndi magalamu pafupifupi 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Ndiko kuti paketi ya magalamu 250 imapereka malita anai okha, kapena makapu 16 a mtundu umene anthu amamwera tiyi. Pa banja limene anthu awiri amamwa kapu imodzi m'mawa uli wonse, paketiyo imatha pa masiku 8. Makina amagulidwa kamodzi, koma khofi amagulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo pa caka cimodzi ndalama za khofi zingapose mtengo wa makina. Paketi ikatsegulidwa fungo limayamba kuthawa, makamaka m'kutentha kwa October, motero kugula wambiri nthawi imodzi sikuthandiza pokhapo atasungidwa m'botolo lotseka bwino, pamalo amdima. Wogula nthanga zosapera angathe kusinja mu kamtondo, nasefa kuti zikhale ngati shuga wa m'paketi. Koma mtondowo ukhale wa khofi yekha, pakuti umene unasinjapo nsawawa kapena tsabola sudzabisa mbiri yake m'kapu.

Pa bokosi la makina pamalembedwa kuti makapu 10 kapena makapu 12. Makapu amenewa ndi a ku Ulaya, tating'ono ta mamililita pafupifupi 125. Makina a makapu 10 amaphika lita imodzi ndi kota, ndiko kuti makapu asanu a kuno. Woganiza kuti adzacereza nao alendo obwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, kapena anthu osonkhana pa maliro, adzabwerera ku mphika waukulu wa tiyi.

Za sefa nazo zifunika kuganizira. Makina ena amafuna mapepala osefera, amene amatayidwa akagwira nchito kamodzi ndipo ali ndi misinkhu yosiyanasiyana. Pepala limapereka khofi woyera, ndipo limagwira mafuta ena a m'khofi amene amakweza mafuta a m'magazi. Koma likatha ku Vubwi, sitolo yapafupi siidzakhala nalo. Makina okhala ndi kasefa kao ka waya kotsuka ndi amene ayenera nyumba ya kutali ndi tauni.

Madzi a m'mijigo ina ali ndi laimu wambiri. Munthu angadziwe poyang'ana m'kati mwa ketulo yake: ngati muli zoyera zomatirira pansi, zomwezo zidzamatirira m'kapaipi ka makina, kamene ndi kopyapyala ngati bango laling'ono. Makina amayamba kucedwa, kulira ngati munthu wa cifuwa, kenaka kutsekeka. Mankhwala ake ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, wopititsidwa m'makina kamodzi pa mwezi, ndi kutsukuluza kawiri ndi madzi okha. Madzi a pa citsime a matope ayambe adikha ndi kusefedwa.

Jagi yagalasi ndiyo imapha makina ambiri. Ikasweka, kupeza ina yolowa bwino pamalo pake ndi kobvuta, ndipo makina onse amasanduka cosungiramo makiyi. Ndiponso jagiyo imakhala pa kambale kotentha, kamene kamapsereza khofi ndi kumuwawitsa akakhalapo kupitirira theka la ola. Makina a jagi yacitsulo yosunga kutentha, yonga fulasiki, ndi okwera mtengo, koma saopa kugwa ndipo khofi amakhala wotentha ngakhale magetsi atazima.

NJIRA YA MAI BENTZ

Nyumba yopanda magetsi odalirika siyenera kumanidwa khofi wosefa. Fanelo ya pulastiki kapena yacitsulo yoika pamwamba pa kapu kapena fulasiki imacita nchito yomweyo, ndipo ketulo ya pa mbaula imatenga malo a citsulo cotenthetsa. M'malo mwa pepala, kathumba ka nsalu yoyera ya thonje kosokedwa ndi telala wa pa msika kamakwanira. Ku Brazil, dziko lolima khofi wambiri koposa onse, mabanja akhala akusefa khofi m'nsalu cotero kwa zaka zambiri. Kathumbako katsukidwe ndi madzi otentha popanda sopo, ndi kuyanikidwa.

Apa anthu a Kum'mawa ali ndi mwai umene ambiri sadziwa. M'mbali mwa nyanja yamcere madzi amawira pa madigiri 100, kutentha kopitirira muyezo wa khofi. Katete ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Ketulo ikangocotsedwa pa moto, madzi ake afika kale pamene makina odula amayesetsa kufikapo. Wophika athire madzi pang'ono kuti khofi anyowe ndi kufufuma, ayembekeze theka la mphindi, ndipo athire otsalawo mozungulira, mosafulumira, kwa mphindi zitatu kapena zinai.

Makina amagetsi ali nao malo ake: ofesi ya anthu anai kapena asanu, nyumba ya alendo ya pa msewu waukulu, kapena banja la m'tauni limene limamwa khofi tsiku liri lonse ndipo liri ndi njira yompezera. Wogula wotere apemphe mwini sitolo kuti awayatse pamaso pake, afunse ngati jagi ina ndi sefa ina zimagulitsidwa pomwepo, ndipo asunge lisiti pamodzi ndi bokosi, cifukwa kucokera ku Katete kubwerera ku sitolo ya ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500.