Makina a maginito akuthandiza kupulumutsa miyendo

Achikulire ambiri akamapita kumunda kapena kumsika amamva kupweteka m'katumba. Akaima pang'ono ululu umatha, akayambanso kuyenda umabwerera. Ambiri amati ndi nyamakazi kapena ukalamba, koma nthawi zina vuto limakhala m'mitsempha yopititsa magazi kumiyendo, yomwe njira yake imachepa chifukwa cha mafuta omatirira m'kati.

Matendawa amakonda kugwira osuta fodya, odwala shuga ndi amene magazi awo amathamanga kwambiri. Akakula, phazi limazizira, zilonda za kuzala sizipola, ndipo mapeto ake mwendo umadulidwa. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013 anapeza kuti mu 2010 anthu okwana mamiliyoni 202 padziko lonse anali ndi vutoli, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kuti dotolo atsegule mtsempha ndi kabaluni, kapena alumikize njira ina yolambalala potsekeka, ayenera kudziwa malo enieni ndi kutalika kwa mbali yowonongekayo. Kale njira yodalirika inali yolowetsa kapaipi mumtsempha wa m'mphechepeche, kuthiramo mankhwala ndi kujambula ndi X-ray. Lero ntchitoyi imathekanso ndi makina a MRI, omwe pa Chipwitikizi amawatcha ressonância magnética.

Nzeru ya makinawa inachokera kwa Paul Lauterbur wa ku America, yemwe anaionetsa mu 1973, ndi Peter Mansfield wa ku Britain. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2003. Wodwala amagona pa bedi lomwe limalowa m'mphako ya maginito amphamvu. Makinawo amatumiza mafunde onga a wailesi, madzi a m'thupi n'kubweza chizindikiro, ndipo kompyuta imachisandutsa chithunzi. Kawirikawiri wodwala amabayidwa pamkono mankhwala otchedwa gadolinium, omwe amachititsa magazi kuwala pachithunzipo. Mitsempha imaoneka ngati mizu ya mtengo kuchokera pamimba mpaka kuphazi, ndipo pamene pachepa kapena paduka pamadziwika. Sipakhala kung'amba, ndiponso palibe cheza cha X-ray.

Komabe njirayi si ya aliyense. Mu 2006 madotolo anazindikira kuti mitundu ina ya gadolinium imayambitsa matenda oumitsa khungu kwa anthu omwe impso zawo zinafooka kwambiri, motero impso zimayezedwa kaye. Izi n'zofunika kwa odwala shuga, poti matendawo amawononganso impso. Amene ali ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayenera kunena asanalowe m'chipindamo. Makinawa ndi okwera mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi mlimi wa ku Angónia kapena ku Macanga.

Choncho kuyeza koyamba kumakhala kosavuta. Wachipatala amagwira phazi kuti amve kugunda kwa magazi, kenaka amayerekeza mphamvu ya magazi a pakakolo ndi a pamkono. Nambala ya pakakolo akaigawa ndi ya pamkono n'kupeza 0,9 kapena yochepera apo, ndiye kuti mitsempha yachepa. Kwa ambiri mankhwala, kusiya fodya ndi kuyenda tsiku ndi tsiku zimakwanira, ndipo MRI imasungidwira amene akufunika opaleshoni. Chithunzi chimathandiza pokhapokha wodwala akafika kuchipatala chala chisanade.